Khomo Limene Amayi a Lachinayi Analidumpha

Panali munthu wina ku dera la Kuwadzana, kunja kwa Malawi, Mayi Dolly, amene ankatsogolera gulu la amayi pa tchalitchi china cha mabanja ochokera ku Malawi. Akuti izi zinachitikadi. Pakagwa maliro, Lachinayi lililonse amayiwa ankapita kukapepesa ofedwa, ndipo Mayi Dolly ankanyadira kuti sadumpha khomo.

M'gululo munali namwino, Effie, amene anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu popanda womudandaula. Tsiku lina odwala atachuluka pa kiliniki, anasokoneza timabotolo tiwiri tofanana, n'kubaya bambo wina jakisoni wolakwika. Bamboyo anamwalira. Effie anaulula yekha, ndipo anamuimitsa kaye ntchito.

Nyumba ya ofedwa ndi ya Effie zinali mumsewu umodzi.

Amuna awo a Mayi Dolly, Bambo Laston, anati, "Mukachoka kwa ofedwako mukalowenso kwa sisita Effie. Nayenso akulira."

"Anthu ati chiyani?" anayankha Mayi Dolly. "Kuti tikusisita msana wopha munthu? Nkhaniyi izizire kaye."

Milungu inayi amayiwo anaimba nyimbo kwa ofedwa. Pobwerera ankadutsa pageti pa Effie maso ali pansi, ngati ataya ndalama. Olimba mtima pa nyimbo, amantha pa geti!

Patatha miyezi itatu kiliniki inamuitana Effie kuti abwerere. Anakana. Akuti kudya anasiya, kutchalitchi osaonekanso. Mayi Dolly atamva kuti mchimwene wake wabwera kudzamutenga kupita naye ku tauni ya Chegutu, anathamangira kwa Effie. Anapeza katundu ali kale m'galimoto, Effie atawonda zomvetsa chisoni.

"Mwana wanga, bwanji osandiitana?"

Effie anayankha motsitsa mawu. "Mayi, Lachinayi lililonse ndinkasesa, n'kuyala mipando, n'kutereka tiyi. Ndinkakumvani mukuimba uko, ine n'kumaimba nanu ndekha muno. Ndinkati mukamaliza mubwera."

Galimoto inanyamuka. Effie sanavalenso yunifolomu, ndipo mpaka lero Mayi Dolly akafika pa geti limenelo amalira.

Phunziro: Namwino kapena dokotala akalakwitsa, ofedwa amavulala, iyenso amavulala. Kumuyendera si kuvomereza cholakwa. Musadikire kuti akuitaneni, manyazi amatseka pakamwa. Tumizani nkhaniyi kwa ena, mwina pali Effie wina amene wayala mipando lero.