Thumba la Mkazi wa Presidente

Belmira anafika padooko atasenza thumba, ulendo wachitatu sabata imeneyo. Amuna omwe anali pansi pa mkuyu anasiya bawo n'kuyamba kumuyang'ana.

Unali mwezi wachiwiri wa chiletso. Anyamata oyang'anira msika wa kutsidya kwa Ruo, ku Malawi, adalanda njinga zisanu ndi zinayi za anthu a kuno ku Majaua, pamodzi ndi chimanga chomwe zidanyamula, ati zinalibe mapepala. Imodzi inali ya Ilídio, mwamuna wa Belmira, yemwenso anali presidente wa gulu la alimi. Munthuyu ankakonda wailesi kuposa khasu. M'menemo ndi momwe adamva kuti masiku ano mayiko akuluakulu akayambana sathamangira mfuti, amangomanana malonda mpaka wina agwade. Zimenezo ankazitcha masansau, ndipo ankawatchula mawuwo ngati adabadwa nawo.

"Chimanga chathu chisawolokenso," adatero pamsonkhano. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Njinga zathu adzabweza okha. Ndipo amene tidzamugwire akudyetsa a kutsidya, ngakhale akhale mkazi wanga, adzawoloka osabwereranso."

Anthu adawomba m'manja. Kulumbira pagulu kumakoma, makamaka tsiku lolumbiralo.

Vuto linali limodzi: chigayo chili kutsidya. Choncho lamulo lidalola amayi okhawo opita kukagayitsa, ndipo wopanda thumba sankaloledwa kuponda m'madzi. Amuna asanu ndi mmodzi ankalondera dooko tsiku lonse. Chakudya chawo chamasana chinkachokera kunyumba kwa presidente, poti mpando suyenda wokha.

Tsono Belmira adabadwira kutsidya komweko. Mayi ake, omwe ndi amasiye, amakhala kuseri kwenikweni kwa chigayocho. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, ndipo mudzi wonse unkanong'ona.

João Baptista, wachiwiri wa Ilídio, anaimirira n'kutseka njira. Bamboyu mpando wa mnzake ankaufuna kalekale.

"Alamu, pepani," anatero. "Ine maso ndili nawo. Popita thumba lanu limakhala lodzaza, pobwera limakhala theka. Linalo limatsala kuti?"

"Chimanga chikakonoledwa chimachepa, alamu," anayankha Belmira osatula katundu. "Kafunseni akazi anu, ngati mumalankhulana."

Amuna ena anaseka. João Baptista sanaseke.

"Madeya satenga theka la thumba. Tulani tiyeze ndi chitini. Pobwera tidzayezanso."

"Sinditula."

Onse anatembenukira kwa Ilídio. Iye anali chikhalire pamuzu wa mkuyu, wailesi ili pamwendo. Kunena zoona, anachita mantha. Iye ankamukonda mkazi wakeyo, zaka khumi ndi chimodzi za banja si masewera. Koma mawu adatuluka kale pakamwa pake, ndipo anthu asanu anali kumudikira kuti aone ngati ndi mwamuna kapena wailesi chabe. Anazimitsa wailesiyo n'kuimirira.

"Mayi a Gina, tulani thumba."

Belmira anamuyang'ana m'maso, zomwe sankachita pagulu.

"Bambo a Gina, ndikupemphani kamodzi kokha. Ndisiyeni ndipite. Mukatsegula thumba ili pano, wochita manyazi sindikhala ine."

"Mwamva?" anatero João Baptista potembenukira anzake. "Wavomera yekha. A presidente, masansau alibe chibale. Mudanena nokha."

Amayi awiri omwe ankachokera kuchigayo anaima pakati pa mtsinje, madzi ali m'mawondo, kuti nkhani isawapite. Ilídio anawaona, nkhope yake n'kutentha. Apa anatsimikiza mumtima kuti n'zoona. Iye akuwauka ndi dzuwa kulondera ulemu wa mudzi, mkazi wake akututa chimanga cha m'nyumba kukanenepetsa anthu omwe adamulanda njinga. Zinamupweteka, ndipo kupwetekako kunasanduka mkwiyo.

"Zaka zonsezi mtima wanu unali kwanu," anatero. "Ine ndinangokwatira miyendo yoyendera kuchigayo."

"Mwatha?"

"Tulani, kapena nditule ndine."

Belmira sanadikire kuti amugwire. Anapendeka mutu, thumba n'kugwa phi pamapazi pa mwamuna wake. Kenako anapinda manja pachifuwa n'kuima pambali, ngati nkhaniyi inali ya munthu wina.

"Tsegulani. Ndipo a João Baptista asendere pafupi, poti maso ali nawo."

João Baptista anabweradi ndi chitini chake. Ilídio anatulutsa mpeni m'thumba la buluku. Anadula chingwe, nagwira thumbalo kumatako n'kulikhuthula pamaso pa onse.

Munatuluka mchenga wosakaniza ndi mankhusu.

"Chimanga m'nyumba mwathu chidatha masabata atatu apitawo," anatero Belmira, akutola thumba n'kulikung'untha. "Ufa umene nonsenu mwakhala mukudya pansi pa mtengo uno amandipatsa ndi mayi anga. Tsono ndiuzeni, a presidente, ndiwoloke kapena lero simudya?"