Woweruza wa Theka la Buku

Panali munthu wina ku Chipata, mphunzitsi wa sekondale, dzina lake Fackson. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene analipo.

Loweruka lililonse masana, Fackson ndi anzake ankakhala patebulo n'kumasewera masewera aja oponya madayisi, oti aliyense amakhala munthu wa m'dziko lopeka. Masewerawo ali ndi buku lake lofotokoza mbiri ndi malamulo a dzikolo. Ena m'gululo anayamba kulemba nkhani zawozawo za dziko lomwelo n'kumatumiza pa foni kuti anzawo awerenge.

Fackson anadzipatsa yekha mpando woweruza ngati nkhani ikugwirizana ndi buku. Anaikanso lamulo lakuti wotsutsana ndi buku achoke m'gulu chaka chathunthu. Anthu atatu anali atawapirikitsa kale, ndipo ankanyada nazo.

Koma buku lenileni analibe. Ankayenda ndi fotokope imene anapangitsa mothamanga pa shopu ina m'tauni. Mnzake Gabrieli anamuchenjeza kuti, "Achimwene, fotokope yanuyi yaonda kwambiri. Pezani buku lenileni muyerekeze."

"Ine bukuli lili m'mutu," anatero Fackson. "Osandiphunzitsa ntchito."

M'gulumo munali namwino wina, Tamiwe. Iyeyu anatha miyezi itatu akulemba nkhani ya mkazi wosula mikondo. Tsiku limene anaitumiza, Fackson anayankha pasanathe mphindi khumi: "Yakanidwa. Peji 41 ikunena poyera kuti mkazi saloledwa kusula. A Tamiwe, tidzaonana chaka chamawa."

Tamiwe zinamupweteka zedi, koma analemba kuti, "Ine sindichoka. Miyezi itatu yanga simungaitaye choncho."

Anapempha mlamu wake, dalaivala wa thiraki, kuti amufunire buku lenileni. Patatha milungu iwiri, mlamuyo anamupatsira bukulo pa boda ya Mwami. Loweruka lotsatira Tamiwe anafika, nakoka mpando wake, nakhala.

"Amayi, mwaiwala kuti munachotsedwa?" anafunsa Fackson.

"Sindinaiwale. Tsegulani peji 42 mutiwerengere."

Fackson anaseka, nanyambita chala, natsegula fotokope yake. Pambuyo pa 41 panali 43. Pambuyo pa 43 panali 45. Wa pashopu uja anajambula mbali imodzi yokha ya pepala lililonse. Zaka ziwiri munthu akuweruza anzake ndi theka la buku, osayang'ana ndi manambala omwe!

Tamiwe anaika buku lenileni patebulo. "Nali. Werengani mokweza, monga muja mumachitira potichotsa."

Fackson anawerenga. Peji 42 inkanena kuti lamulo lija linatha pa nkhondo ya pamlatho, pamene amuna anatha psiti, ndipo akazi ndi amene anasula mikondo yopulumutsa mzinda.

"Tsopano amene watsutsana ndi buku ndani pano?" anafunsa Tamiwe.

Fackson anayamba zoti cholakwa n'cha wa pashopu. Gabrieli anamudula: "Ndinakuuzani, achimwene. Lamulo munaika nokha likuti chiyani?"

Tsiku lomwelo a m'gululo anaunikanso nkhani za anthu atatu aja, ndipo awiri anapezeka kuti sanalakwe chilichonse. Anawaimbira foni kuti abwerere. Ine ndikuti Fackson zinamukhala bwino, chifukwa safunsa anadya phula.

Fackson anapinda fotokope yake nailowetsa m'chikwama. Ali pakhomo, Tamiwe anamuitana. "A Fackson, tengani bukuli, ndakubwerekani. Muli ndi chaka chonse choti muwerenge mbali inayo."

Phunziro: Usanaweruze ntchito ya mnzako, onetsetsa kuti wawerenga mbali zonse za pepala. Ndipo iwe amene akukuchotsa mopanda chilungamo, usachoke mwakachetechete, pita ukatenge umboni ubwerere pampando wako. Tumizani nkhaniyi m'magulu anu onse, makamaka kwa uja amati zonse zili m'mutu mwake.