Matewera Oloza Kumwamba

Mlamu wanga amakonda mafilimu achilendo aja, opanda ndewu, opanda ukwati, a zinthu zotsika kumwamba zosadziwika mutu wake.

"Alamu, takhalani pansi muonereko," anatero usiku wina.

"Zinthu zanuzo zindichapira?" ndinamuyankha, ndikubereka mwana kuti ndikaanule matewera kuseri kwa nyumba. Ndinali nditawachapa mochedwa.

Kunja kunalibe mphepo. Agalu onse anali zii. Matewera anali pachingwe pomwe ndinawayanika, koma sankalendewera pansi. Onse anaima njoo kuloza kumwamba, ndipo madzi ake ankadontha mokwera, akunyezimira ngati mikanda mpaka kukasakanikirana ndi nyenyezi. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Ndinangoima, kukamwa kuli yasa.

Kenako kumsana kunandipepuka. Mwana ankaseka, mbereko ikukokera m'mwamba pang'onopang'ono. Ndinagwira mfundo yake ndi manja onse awiri.

"Alamu!" ndinakuwa. "M'mafilimu mwanumo amatani zikatere?"

Zenera linatseguka. Mlamu anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Amamusiya mwanayo," ananong'ona.

Ine ndinamangitsa mfundo. Zidendene zanga zinayamba kusiya nthaka.