Sutikesi ya Kukhoti

Febby anakhala pabenchi la kumbuyo m'khoti laling'ono la ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe, sutikesi yakuda ili pakati pa miyendo yake. Anailongedza m'mamawa ana atangopita kusukulu. Priscah, mkazi wa mlamu wake, ankangoiyang'ana n'kumamwetulira.

"Mwachita bwino kulongedzeratu, amake Purity," ananong'ona. "Mabasi a masana amadzaza msanga."

Anthu amenewa anali atamukwana Febby. Anabwera kuchokera ku Petauke kudzalira Abednego, bambo wa ana ake atatu, koma misozi inauma tsiku loika maliro lomwelo. Njala yokha ndiyo sinaume. Milungu isanu tsopano akudya, akugona pabalaza. Boaz, mkulu wake wa malemuyo, sanapondeko ku Kitwe zaka zonse zimene mng'ono wake ankatsokomola fumbi la mumgodi. Koma tsopano ankayendayenda m'nyumba ndi tepi, kuyeza zipinda. Pabalaza anali atamulonjeza kale mkazi wake kuti pakhala saluni.

Lero Boaz anavala tayi. Anaimirira, Baibulo lili m'manja, kupempha kalata yomupatsa mphamvu yogawa chuma cha masiye.

"Mayi uyu si mkazi wa m'bale wanga, bwana," anatero. "Kwawo sitinaperekeko malowolo, ngakhale nkhuku. Ankhoswe kunalibe. Anangolowana basi."

Woweruza anatembenukira kwa Febby. "Amayi, mukutsutsa?"

"Ayi, bwana. Anena zoona."

Priscah anatsina mnzake amene anakhala naye pafupi. Chidindo chinamveka patebulo. Woweruza anachenjeza kuti gawo la ana lisasowe, ndipo Boaz anagwedeza mutu ngati munthu womvera wailesi ya kunyumba ya eni.

Atatuluka pakhonde, Boaz anapinda kalata yake mosamala n'kutambasula dzanja.

"Makiyi, ndi mapepala a nyumba. Ana atsale mpaka Loweruka, sife anthu oipa."

Febby anatulutsa fotokope ya pepala la nyumbayo m'chikwama. Boaz anayamba kuwerenga, chala chikuyenda pansi pa mawu. Chitafika padzina la mwini nyumba, chalacho chinaima. Anabwereza. Priscah anasuzumira paphewa pake.

"Nyumba imeneyo anandisiyira ndi atate anga, Abednego asanaidziwe n'komwe njira ya ku Kitwe," anatero Febby. "Akanakhala mwamuna wanga, bwenzi mukuti analinso ndi gawo chifukwa cha malata amene anakhoma. Koma mwalumbira nokha, alamu, Baibulo lili m'manja. Ndiye kuti ndinkangomusunga."

Kenako anakankha sutikesi ija ndi phazi mpaka inagunda nsapato za Boaz.

"Chuma chimene mwapatsidwa kuti mugawe ndi ichi. Masuti awiri, majombo ndi chisoti cha kumgodi. Musaiwale gawo la ana. Zikwama zanu mukazipeza kunja kwa geti, loko ndasinthitsa."