Phukusi Lachisanu ndi Chimodzi

Masiku ano thandizo limafika madzi asanasefukire. Kandege kopanda munthu kakatula katundu pakhomo pako, dziwa kuti kwatsala masiku atatu, uyambepo ulendo wa kumtunda. Ndipo sikalakwitsa powerenga mitu.

Nangondo anawerenga maphukusiwo kawiri. Analipo asanu ndi limodzi, chonsecho m'nyumbamo amagona anthu asanu.

"Bambo a Esinta, tabwerani kuno. Mwana winayu mwaberekera kuti?"

"Aaa, mayi, ine ndi msana wangawu? Mwina angotikomera mtima."

"Kutikomera mtima? Makina omwe anachotsa gawo la amayi anu tisanabwere n'kumanda komwe?"

Nangondo anamasula phukusi lowonjezeralo ndi mano. Munalibe ufa. Munali neti, kabulangete, ndi mapiritsi owonjezera magazi aja amapereka kusikelo ya amayi oyembekezera.

Esinta, mwana wake wachisamba, yemwe sabata yatha anapita kuchipatala ati mutu ukuwawa, anali atasenza kale thumba la nyemba, maso ali pansi.

Nangondo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tula thumbalo, iwe, ungadzipweteke. Asenza bambo akowa ndi msana wawo womwewo. Koma dzina la mwamunayo undiuze tisanafike pamlatho."