Chipata cha Kuchitsime

"Anthu a m'tauni ndi afiti," anatero Merv akumenyetsa chitseko cha galimoto.

Ng'ombe zake zinali lambalamba m'mbali mwa mpanda wa waya, zitafa ndi ludzu. Chitsime chinali poteropo, kuseri kwa chipata chimene wina anatseka. Komatu m'chipululu muno ngakhale mwana amadziwa kuti chipata umachisiya mmene wachipezera.

"Amabwera kudzajambula fumbi, n'kundiphera ziweto. Ndikamugwira ameneyu ndimukwirira wamoyo." Anatembenukira mkamwini wake Declan, wa mumzinda wa Adelaide, yemwe ankamuyendetsa pa ulendo wonsewu wa masiku angapo wopita kumsika wa ng'ombe ndi kubwerako. "Tsika iwe. Wangoti kakasi bwanji?"

Declan anatsika pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Bambo, mukukumbuka popita paja, nditaiwala kutseka chipata choyamba? Munanditukwana, munati ndizitseka chipata chilichonse, apo ayi ndiyenda wapansi."

"Ndiye?"

"Tikufika pano tsiku lomwelo munali m'tulo. Ichi ndinachipeza chotsegula, ndiye ndinachimanga bwinobwino kuti musakwiyenso."

Merv anayasama kuti atukwane, koma m'kamwamo munangolowa ntchentche.