Luzi Limodzi

Pakaunjika ku Cuamba ndinapeza masokosi othina, aja anamwino amati amagwira mitsempha yotupa. Ndinamva kalekale kuti mayi anatupa miyendo pobwerera wapansi kuchokera ku Malawi. Ine ndinali ku Nampula. Chibwerereni mayiwo, sindinawaone.

Mlongo wanga Kátia, yemwe ndinali naye pamsikapo, anatulutsa luzi limene anayezera katumba wa mayi. Ndinaliyerekeza ndi sokosi, zinagwirizana.

"Nanga la mwendo winawo?" ndinafunsa. "Paja miyendo situpa mofanana."

Kátia anaseka osaonetsa mano.

"Mwaphunzira zambiri m'tauni, achimwene. Winawo tinaukwirira ku Itepela, m'munda momwe anaponda bomba. Tinakuitanani, simunabwere."

Wogulitsa anakulunga masokosi onse awiri m'nyuzipepala.

"Sitigulitsa imodzi, bambo."